Ku Ijen ndinatsala pang'ono kusiyako mapapo

Achemwali, poti mukuganiza zopita ku Bali ndi ku phiri la moto la Ijen ku Indonesia, chonde musalipiretu wokonza ulendo amene mwangomupeza pa WhatsApp. Ine ndinapita mu Juni ndi mnzanga wa kuntchito, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la dzira lovunda mtima umandigunda.

Ku Bali kwenikweniko kunalibe vuto. Mulipira msonkho wa alendo wa 150,000 rupiah, mukaona minda ya mpunga ya ku Tegallalang, mukafika ku kachisi wa Uluwatu kumene anyani amatsomphola magalasi kumaso ngati anyamata a m'depoti, basi. Tsoka linayamba titati tiwolokere ku chilumba cha Java kukaona moto wa buluu wa ku Kawah Ijen. Bambo wina anatilonjeza zonse, galimoto, wotiperekeza, masiki ya gasi, kalata ya dokotala imene amaifuna pa geti, mpaka kadzutsa. Tinamupatsa ndalama yonse tsiku lomwelo. Uchitsiru wanga ndi umenewo, ndikuvomera.

Anatitenga madzulo, tinawoloka pa sitima kuchoka ku Gilimanuk kupita ku Ketapang, pakati pa usiku tili ku Paltuding kumene msewu umathera. Kuzizira kwake! Ine ndinavala kamalaya kopyapyala poganiza kuti Indonesia ndi dziko lotentha, osadziwa kuti pamwambapo ndi mamita opitirira 2,000. Kalata ija tinakalipiranso tokha pa kachipatala ka m'njira. Wotiperekezayo anali mmodzi pa anthu pafupifupi 20, ndipo geti litangotsegulidwa cha m'ma 2 koloko anathamanga ndi azungu amiyendo italiitali, ife kutisiya m'mbuyo. Makilomita atatu okha kukafika pamlomo pa phiri, koma chitunda chake ndi chija chokwera manja ali m'mawondo. Ndinkadzitama kuti ndinakwerapo Mulanje. Sizinandithandize.

Ndiye kutsikira m'chidzenje cha pakati pa phirilo, mmene muli motowo. Mdima bii, miyala yoterera, kanjira kamodzi, anthu mazana ndi matochi, ena akukwera ena akutsika. Moto uja ndinauonadi, kamalawi ka buluu kakuyenderera pamiyala ngati madzi. Ndi mpweya wa sulufule umene umayaka ukangotuluka pansi, koma kukacha suoneka. Sindinathe ndi mphindi zisanu ndikuuyang'ana, mphepo inatembenuka. Utsi wonse unatikuta. Sindinkaona ngakhale dzanja langa. Ndinakoka mpweya m'masiki muja, ayi ndithu, ngati ndameza tsabola wa kambuzi wosakaniza ndi machesi. Kansefa kake kanali kotha kalekale, lamba womangidwa ndi mphira. Maso kuwawa, misozi ndi mamina mbwee, kutsokomola mpaka kufuna kusanza. Mnzanga ndinkangomumva akukuwa dzina langa koma osadziwa ali mbali iti, ndipo chapansi pang'ono pali nyanja yobiriwira, imene madzi ake ndi asidi weniweni. Ndinagwada n'kuyamba kuganiza za ana anga, kuti maliro anga adzawanyamula bwanji kuchoka kuno, ndalama yake ichokera kuti. Zoona, zimene zinandibwerera ndi zimenezo.

Anandipulumutsa ndi bambo wina wokumba sulufule. Anthu amenewa amasenza madengu awiri pa nsungwi, makilogalamu 70 kapena kuposa, kukwera nawo kanjira komweko, ambiri atangoluma kansalu konyowa pakamwa. Anatula katundu wake, kundigwira pakhosi pa malaya, kundikhazika kuseri kwa mwala n'kundilozera kuti nditsinzine, ndiweramitse mutu. Sitinamvane ndi liwu limodzi lomwe. Utsi utapita anasenzanso madengu ake. Ndinamupatsa zonse zinali m'thumba ndipo ndinachitabe manyazi.

Wotiperekeza uja tinakamupeza pamwamba akusuta fodya, n'kumatifunsa ngati tajambula zithunzi zabwino! Mwini wake wa ulendo nditamulembera anangoyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera, kenako kunditsekera. Munthu wopanda chisoni, kupatsa anzako masiki yakufa ukudziwa bwino kumene akupita. Kadzutsa uja anali nthochi imodzi ndi kabotolo ka madzi. Mawu anga anasasa sabata yathunthu.

Tsono inu pitani ndithu, musaphonye, dzuwa likamatuluka pamwamba pa nyanja ija simudzaliiwala. Koma m'dzenjemo musatsike. Kapena tsikani, poti mwawononga kale ndalama ya ndege, kungoti muyese masiki muli pa geti, muiphimbe ndi dzanja n'kukoka mpweya, ikapanda kukakamira kumaso ibwezeni. Ngati muli ndi mphumu ndiye iwalani. Mugone ku Banyuwangi, tauni ya pafupi ndi Ijen, tsiku limodzi m'malo mochokera ku Bali usiku womwewo, ndipo kumbukirani kuti Java ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Mvula yawo imagwa nthawi yofanana ndi kwathu, choncho Meyi mpaka Seputembala ndiye bwino. Siyani masiku awiri apadera musanabwerere, mapiri awo sapangana ndi munthu, mu 2017 phiri la Agung litaphulika linatseketsa bwalo la ndege la Denpasar ku Bali, anthu n'kugona pamabenchi. Ma ajenti onse ndi akuba, koma musakwere nokha, pezani wina kudzera kumene mukugona, mulipire theka. Jekete ndi magolovesi musaiwale, ndipo ndolo zasiliva muvule, zanga zinabwerako zakuda.