Mafunso ndi Mayankho: Kodi kompyuta idachokeradi ku makina owomba nsalu?

Funso: A Mkonzi, mwana wanga wa Fomu 3 akuti aphunzitsi awauza kuti kompyuta idachokera ku makina owomba nsalu. Ine ndakulira m'munda wa thonje, koma kugwirizana kwake sindikukuona. Kodi n'zoona? (Mlimi wa thonje, Ngabu)

Yankho: Bambo, aphunzitsiwo sadaname. Powomba nsalu pamakhala ulusi wambiri woimirira ndi wina wopingasa. Maluwa a pansalu amatuluka malinga ndi ulusi woimirira umene wakwezedwa pamene wopingasawo ukudutsa. Kale ku Lyon, m'dziko la France, mnyamata wothandiza mmisiri ndiye ankakweza ulusiwo, kukoka zingwe tsiku lonse.

Mu 1804 Joseph Marie Jacquard adapereka ntchitoyi kwa makhadi obowola. Khadi limakankhidwira pa singano zondandalikana, ndipo singano iliyonse ili ndi mbedza yake. Pamene pali bowo, singano imalowa, mbedza n'kunyamula ulusi. Pamene palibe bowo, khadi limakankha singano, mbedza n'kusuntha, ulusi n'kutsala pansi. Khadi limodzi ndi mzere umodzi wa nsalu, choncho makhadi ankalumikizidwa ngati unyolo. Chithunzi cha Jacquard chimene amisiri ena adachiwomba ndi ulusi wa silika mu 1839 chidafuna makhadi 24,000. Vuto lake ndi ili: wobowola akalakwitsa bowo limodzi, nsalu iliyonse yowombedwa ndi makhadiwo imatuluka ndi chilema pamalo omwewo, chifukwa makina satha kudabwa. Mapulogalamu a kompyuta akadali ndi nthenda yomweyi.

Bowo kapena popanda bowo, inde kapena ayi: ndiye 1 ndi 0 amene foni yanu imagwiritsa ntchito mukamalandira ndalama za thonje. Charles Babbage wa ku England adatengera nzeru ya makhadiyi pa makina owerengera amene sadathe kuwamanga. Herman Hollerith adagwiritsa ntchito makhadi obowola pa kalembera wa ku America wa 1890, ndipo kampani yake idaphatikizana ndi ena n'kudzatchedwa IBM mu 1924, yomwe pambuyo pake idatchuka ndi makompyuta. ENIAC, kompyuta ya 1945 yolemera matani pafupifupi 30, inkalandirabe manambala kudzera m'makhadi.

Chotikhudza mtima ife ndi mnyamata uja. Ntchito yake idatha, luso lidachoka m'manja n'kulowa m'khadi, ndipo phindu lidapita kwa mwini makina. Nawonso makina ochotsa njere za thonje a Eli Whitney a mu 1793 sadapepukitse moyo wa olima: thonje litayamba kulipira, akapolo ku America adachuluka kuchoka pa 700,000 mu 1790 kufika pafupifupi 4 miliyoni mu 1860.

Funso: Agogo ankatiuza kuti kuno kuchigwa anthu ankawomba okha nsalu za machila. Zidathera kuti? (Mayi wa ku Nsanje)

Yankho: Mayi, agogo ankanena zoona. David Livingstone atadutsa m'Chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi. Zidagonja ndi mtengo. Nsalu ya pamanja inkatenga masiku ambiri, pamene mafakitale a ku Manchester, Bombay ndi America ankatulutsa mipukutu yotsika mtengo. Dzina la nsalu loti merekani lidachokera ku liwu loti America. Njanji ya ku Port Herald, yomwe ndi Nsanje ya lero, itafika ku Blantyre mu 1908, chigwa chidasanduka malo otumiza thonje kunja ndi kugula nsalu. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre idabwera mochedwa, mu 1967, ndipo pambuyo pake kaunjika adadzalanda msika.

Lero mlimi amagulitsa thonje la njere, ndipo gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a kulemera kwake, kapena kuposerako pang'ono, ndilo limapita kukapota ulusi. Poti wogula weniweni ndi makina, thyolani thonje mame atauma, chotsani masamba ndi mchenga, ndipo pewani matumba a pulasitiki a feteleza. Tiulusi take timalowa m'thonje, makina amatipotera limodzi, koma sitigwira utoto, ndiye nsalu yonse imatuluka ndi timizere toyera.