Katoni yalembedwa China, kodi tivale mamasiki ake?

Mayi wina wa ku Namwera wanditumizira imelo. Akuti apongozi awo akukana kuvala masiki chifukwa pakatoni palembedwa China, ndiye akuopa kuti kachilombo ka korona kabwerera momwemo. Akufunsa ngati manthawa ali ndi mutu.

Mayi, pa kachilomboko auzeni apongozi agone tulo. Mu 2020 ofufuza a ku America anapeza kuti korona sapitirira tsiku limodzi pakatoni, ndipo papulasitiki amatha masiku atatu basi. Katundu wa pa sitima amayenda masabata angapo asanakocheze ku Nacala kapena ku Beira, kenako ulendo wa pamtunda. Akamafika ku Namwera kachilomboko kanafa kalekale.

Ine nkhawa yanga ili pena. Katundu wosalongosoka alipodi: mu March 2020 dziko la Netherlands linachotsa m'zipatala mamasiki ena ochokera ku China litaona kuti sakusefa bwino. Kuno kwathu amene amayang'anira mankhwala ndi a bungwe la boma la PMRA, ndipo a bungwe la MBS amaona ngati katundu ali wabwino, koma zolowa m'njira zamadulira cha ku malire a Chiponde iwo saziona n'komwe.

Ndiye pali dzuwa lathuli. Inu a ku mapiri a Namwera muli ndi mwayi, ife kuno ku boma mu October ngakhale abakha amasowa pothawira. Tizipangizo tambiri toyezera korona timafunika kusungidwa posapitirira madigiri 30. Sanitaiza amagwira ntchito ngati muli mowa wokwana 60 pa 100 aliwonse, koma botolo losatseka bwino likamakhalira pabenchi mowawo umauluka n'kutsala madzi onunkhira. Chinthu chikhoza kuchoka kufakitale chili bwinobwino n'kudzaonongekera pamsika pompano.

Deti nayonso ndi yofunika. Katemera wa korona wa AstraZeneca amene anafika mu March 2021 kudzera ku COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera, anapangidwa ku India. Mu May boma linatentha katemera 19,610 ku chipatala cha Kamuzu Central chifukwa masiku ake anali atadutsa. Ena anati onani, ndi woipa. Ine zinandilimbitsa mtima, poti sanabaye anthu mwakabisira.

Apongoziwo muwagulire ku famase ya chiphaso, paketi yosang'ambika, yokhala ndi dzina la kampani ndi deti. Akakanabe, telala awasokere ya chitenje yansalu zitatu, azichapa ndi sopo madzulo aliwonse.