Zoyera zili m'mapesi anuwo musaziope

Achimwene a ku Bembeke, mwafunsa za zoyera zomwe zili m'mulu wanu wa kompositi. Muluwo musaupasule, kompositi yanu sinawonongeke. Timaulusi toyera tomwe mwatipeza m'mapesimo ndi chuku, chachibale ndi bowa, ndipo ndicho chikuwoletsa mapesiwo.

Phesi limalimba chifukwa cha cellulose, yemwe ndi shuga wa glucose wolumikizana ngati mikanda pa chingwe. Chuku sichitafuna ayi. Chimatulutsa kunja kwa timaulusi take ma enzyme, omwe ndi mankhwala achilengedwe ophwanya chakudya. Ena amadula chingwecho pakati, ena amabenthula kumapeto shuga awiriawiri, ndiye ena amadzalekanitsa awiriwo kuti chuku chiyamwe. Kudula konseku kumafuna madzi, n'chifukwa chake phesi louma gwa limatha chaka lili chomwecho.

Ine mapesi ndimayamba ndawaduladula ndi chikwanje, n'kusakaniza ndi ndowe. Ndikafinya m'manja pamangotsala chinyontho, osati kuchucha. M'June ndi July, ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza, ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono, ndiye musafulumire kudandaula. Fundikirani ndi udzu basi.

Potembenuza mulu muzitseka mphuno ndi kansalu, makamaka ngati muli ndi mphumu. Chifuwa chikakuvutani pitani kuchipatala. Bowa womera pamulupo musadye. Ngati mukufuna kulima wodya, kaonaneni ndi alangizi a zaulimi.