Kodi Kafukufuku wa Maselo a Ubongo Amafika kwa Wodwala?

Mmodzi mwa owerenga athu, amene akuphunzira za udokotala, wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Kodi ntchito ya akatswiri amene amangofufuza maselo a ubongo ndi mapuloteni ake imafika kwa wodwala, kapena imangothera mu labotale?" Yankho langa ndi lakuti imafika ndithu, ngakhale kuti kawirikawiri imatenga zaka.

Kafukufukuyu ali ndi nthambi zitatu zolukanalukana. Ena amafufuza mamolekyu amene amanyamula uthenga pakati pa maselo a mitsempha, ena amafufuza mmene selo lenilenilo limagwirira ntchito, pamene ena amatsata mmene ubongo umakulira kuyambira mwana ali m'mimba. Ndikhazikike pa nthambi yachitatuyi, chifukwa ndi imene ikuyankha bwino funso lanu.

M'zaka za m'ma 1960, David Hubel ndi Torsten Wiesel a ku yunivesite ya Harvard ankatseka diso limodzi la ana a amphaka kwa miyezi ingapo. Atalitsegula, anapeza kuti disolo linali bwinobwino, koma maselo ambiri a mbali ya ubongo yothandiza kuona anali atasiya kulabadira uthenga wochokera ku diso limenelo, ndipo malo ake anali atalandidwa ndi diso linzake. Atachita zomwezo kwa amphaka akuluakulu, kusintha kotereku sikunaoneke. Apa m'pamene zinadziwika kuti ubongo uli ndi nyengo yaifupi imene umalumikiza mitsempha yake motsatira zimene maso akuona, ndipo nyengoyo ikadutsa, kukonza kumavuta kwambiri. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1981.

Phindu lake kwa wodwala ndi lalikulu. Munthu wachikulire amene wakhala ndi ng'ala kwa zaka akhoza kuonanso akachitidwa opaleshoni, pakuti ubongo wake unaphunzira kale kuona. Koma khanda lobadwa ndi ng'ala siliyenera kudikira, n'chifukwa chake madokotala a maso amafuna kuichotsa m'masabata kapena m'miyezi yoyambirira. Zimandikhudza mtima kuti mwana akhoza kukula wosaona bwino kokha chifukwa chakuti anafika mochedwa kuchipatala.

Masiku ano ofufuza a mamolekyu akusanthula chimene chimatsegula ndi kutseka nyengo yaifupi ija imene ubongo umalumikiza mitsempha yake, ndipo apeza kuti kukhwima kwa maselo amene amatulutsa GABA (molekyu imene imachepetsa mphamvu ya uthenga pakati pa maselo a mitsempha) kuli ndi gawo lalikulu. Cholinga chawo china n'chakuti aone ngati nyengoyi ingatsegulidwenso mwa munthu wamkulu amene diso lake linafooka ali mwana.