Yambani ndi chithunzi cha amayi okunkha

Aphunzitsi, funso lanu ndaliona. Mukuti ana a kalabu ya mbiri pasukulu panu ku Luchenza akufuna kudziwa za mizinda ya kunja, akatswiri ojambula ndi mmene anthu ankakhalira kale, koma mabuku ndi ochepa ndipo mukusowa poyambira. Ine ndinagwirapo choko zaka zambiri kuno ku Thyolo, ndiye ndiyikepo mlomo.

Chonde musawapatse mndandanda wa mayina ndi zaka kuti aloweze. Zoloweza zimauluka mayeso akangotha. Sankhani chithunzi chimodzi, muchitsitse pa foni kapena muchisindikize papepala, anawo achiyang'anitsitse. Mzinda ndi mbiri zidzatulukira mmenemo.

Choyamba chikhale The Gleaners, chimene Jean-François Millet wa ku France anajambula mu 1857. Muli amayi atatu atawerama m'munda wa tirigu, akutola ngala zimene okolola asiya. Ndi kukunkha komwe timakudziwa kuno. Chapatali mukuoneka milu ikuluikulu ya zokolola za mwini munda, ndi munthu ali pa hatchi akuyang'anira antchito. Mwana amene mayi ake amalawirira kukathyola masamba a tiyi, dengu kumsana, sadzavutika kumuzindikira kapitawo ameneyo. Afunseni kuti mundawo ndi wa yani, nanga amayiwo adya chiyani madzulo. Mwafika kale pa nkhani ya thangata: Alomwe ambiri amene anachoka ku Mozambique nakhala pa minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo, kuwonjezera pa msonkho wa nyumba. Nkhanza za m'minda yotereyi ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Mukatero auzeni kumene chithunzicho chili lero: mumzinda wa Paris, m'mbali mwa mtsinje wa Seine, m'nyumba yotchedwa Musée d'Orsay, imene poyamba inali siteshoni ya sitima. Ana a pa Luchenza, amene njanji amaiona tsiku ndi tsiku, zimenezi sadzaiwala.

Wachiwiri amene ndimamukonda kwambiri ndi Gerard Sekoto wa ku South Africa, wobadwa mu 1913. Iyeyu anajambula misewu ndi nyumba za Sophiatown ku Johannesburg, anthu akuyenda, ena pa njinga, ana akusewera. Mu 1947 anapita ku Paris ndipo anamwalira komweko mu 1993 osabwereranso kukakhala kwawo. Kuyambira mu 1955 boma la tsankho linasamutsa anthu akuda ku Sophiatown mokakamiza n'kuwapititsa ku Meadowlands, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Zojambula za Sekoto ndi umboni wina wa mmene malowo ankaonekera. Johannesburg yemweyo ndi Joni wa agogo athu, mzinda umene unabadwa mu 1886 golide atapezeka. Apa ntchito ya anawo ikhale ya kumudzi: aliyense akapeze mkulu amene anapita ku Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, kapena amene m'bale wake anatchona, akamufunse za ulendo, za mgodi, za katundu amene anabwera naye. Boma lathu linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70. Akuluakulu okumbukira zimenezi akutha, ndipo zimandipweteka kuti nkhani zawo zikupita nawo kumanda popanda wozilemba.

Kutsidya kwa Muloza, ku Mozambique, kunalinso wojambula Malangatana, amene zojambula zake zodzaza nkhope zothithikana zili pa makoma a ku Maputo. Ku Dar es Salaam, Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 ndi penti wa njinga pa timatabwa. Ana amene amati sangajambule poti alibe zipangizo muwauze za ameneyu.

Ngati makolo angasonkhe ya minibasi, tsiku limodzi pitani nawo ku Blantyre. Mzindawu unayamba mu 1876 ndi mishoni ya Church of Scotland, ndipo dzinali ndi la kwawo kwa David Livingstone. Mukayambire ku Mandala House, yomangidwa mu 1882. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale, pansi pali zojambula za akatswiri. Kenako tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinatha mu 1891, ndipo muwakumbutse kuti njerwa zonsezo anaumba ndi kuyala ndi manja a anthu akuno. Mukatsirizire ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri.

Wina akafunsa ngati ife tinali ndi ojambula athu azungu asanabwere, muuzeni za Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, za Akafula ndi za Achewa, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006. Zithunzi za Millet ndi Sekoto ndili nazo pa foni. Mukafuna ndikutumizirani madzulo ano netiweki ikakhala bwino.