Ndalama ya ukwati ku Japan siperekedwa pamanja

Achemwali, mwafunsa ngati mungangopatsa mnzanu wa kuntchito ndalama pamanja pa ukwati wake umene mwaitanidwako ku Osaka. Chonde musatero, chifukwa kumeneko ndalama yoonekera poyera imakhala ngati malipiro a pamsika, ndipo za perekaniperekani wa kwathu, woponya ndalama m'lichero anthu akuona, sizichitika n'komwe.

Gulani envulopu yotchedwa shūgi-bukuro, yomwe imapezeka ngakhale m'timashopu ta usana ndi usiku. Pogulapo yang'anitsitsani tizingwe ta mizuhiki tomwe amamanga pakati pake. Ta ukwati timakhala tofiira ndi toyera, kapena tagolide ndi tasiliva, ndipo mfundo yake ndi yosamasulika, popeza ukwati umayenera kuchitika kamodzi basi. Mfundo yonga ya zingwe za nsapato, yomwe imamasuka mukakoka, ndi ya zikondwerero zomwe anthu amafuna kuti zibwerezedwe, monga kubadwa kwa mwana. Mukaona envulopu ya tizingwe takuda ndi toyera isiyeni pomwepo, imeneyo ndi ya maliro.

Munthu woitanidwa ku ukwati wa mnzake wa kuntchito kawirikawiri amapereka 30,000 yen, ndiko kuti mapepala atatu a 10,000 yen. Anthu amakonda nambala yosagawika pawiri kuti asalosere kupatukana kwa banjalo, ndipo amapewanso 4 ndi 9 chifukwa m'Chijapani zimamveka ngati imfa ndi masautso. Ndalamayi ndi yambiri ndithu, koma mukumbukire kuti mbali ina imabweza zimene eni ukwati awononga pa chakudya chanu ndi pa mphatso imene mudzapatsidwe pobwerera.

Mapepalawo akhale atsopano, osapindika, ndipo chanzeru n'kupita ku banki tsiku la ukwati lisanafike kukasinthitsa. Ndalama yatsopano imauza mkwati ndi mkwatibwi kuti tsiku lawo munalikonzekera ndi chimwemwe. N'chifukwa chake pa maliro amachita mosiyana: amaika ndalama yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena amayamba apinda yatsopanoyo, kuopa kuoneka ngati imfayo ankaiyembekezera, ndipo dzina amalilemba ndi inki yotuwa ngati kuti misozi yaisungunula. Ineyo mwambo umenewu ndimauona wolemekezeka kwambiri.

Dzina lanu mulembe kunja, m'munsi mwa mfundoyo, ndi cholembera chakuda bii, makamaka chonga burashi. M'kati mumakhala envulopu ina yaing'ono, pamene mumalembapo kuchuluka kwa ndalama, dzina ndi adiresi yanu, kuti banjalo lidziwe wopereka likamadzawerengera. Zonsezi muzikulunge m'kansalu kotchedwa fukusa; kapepo ndi kabwino chifukwa kamagwira ntchito pa ukwati ndi pa maliro pomwe.

Patsikulo simupatsa mkwatibwi mwiniwake. Pakhomo pamakhala tebulo lolandirira alendo, ndipo mukafikapo mumatulutsa envulopuyo m'kansaluko, n'kuitembenuza kuti wolandirayo athe kuwerenga dzina lanu, kenaka n'kuipereka ndi manja awiri mutaweramako pang'ono, musanalembe dzina m'buku la alendo.