Yankho kwa achemwali pa mawu akuti enormous

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, lakuti mwana wapeza mawu akuti enormous m'buku la Chingerezi ndiye akufunsa ngati ndi chimodzimodzi ndi big. Ayi, amasiyana ndithu.

Big ndi kukula wamba basi. Enormous ndi kukula kopitirira muyezo, koti ukachiona chinthucho umayamba waima kaye. Ife timangoika chi kutsogolo, eti? Mtengo ukakula modabwitsa timati chimtengo, ngati milambe ya ku Mangochi ija, yoti anthu angapo kugwirana manja koma osauzungulira. Umenewo ndiye an enormous tree. Mawuwa anachokera ku Chilatini, kumene norma inali sikweya ya kalipentala yoyezera ngodya, ndipo e wakutsogoloyo akutanthauza kunja kwa. Ndiye kuti chinthu chotuluka pa muyezo.

Tsono apa ndi pamene ana amatayira malikisi pa mayeso. Asalembe a enormous, alembe an, chifukwa mawuwa akuyamba ndi lembo la liwu. Komanso very enormous, eee, imeneyo ayisiye. Kukula konse kuli kale m'kati mwa mawuwo, very alibe chowonjezera. Akafuna kutsindika anene absolutely enormous. Potchula, mphamvu aike pakati, i-NOO-masi.

Chimene ndimawakondera mawuwa n'chakuti sagwira pa zinthu zooneka ndi maso zokha. Chingongole chosowetsa tulo ndi an enormous debt. Mukukumbukira mmene namondwe wa Freddy anasakazira ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba? Pamenepo enormous damage ndi mawu oyenera kwambiri. Koma akamanena za malo otambalala, ngati nyanja ya Malawi imene kutalika kwake kumapitirira makilomita 500, vast ndiye amakhala bwino kuposa.

Mumuuzenso kuti asadzayerekeze kunena munthu kuti you are enormous. Ndi chipongwe chimenecho, akumunena kunenepa. Ndiye pali mawu ena ofanana nawo, enormity, amene kawirikawiri amanena za kuipitsitsa kwa mlandu. Akafuna dzina la kukulako angolemba enormous size.

Alembe ziganizo zitatu zake, mujambule munditumizire pompano madzulo ano, ndimuchongera. Mupereke moni kwa alamu.